Chovala cha Rabara cha Malemu Stafford Matewere

Polisi ya Bethesda, Maryland
Loweruka, pa 17 Meyi 1986
Wolemba ndi kumasulira: Mayi Lillian Mwamba

Ine, Vera Matewere, wa zaka 44, wochokera m'mudzi mwa Kalimanjira, Mfumu Yaikulu Kwataine, m'boma la Ntcheu ku Malawi, amene pano ndimakhala pa msewu wa Battery Lane muno mu Bethesda, ndipo ntchito yanga ndi ya unamwino, ndikunena izi.

Chingerezi ndimachidziwa, ndimabayira nacho odwala jakisoni tsiku ndi tsiku. Ndapempha kulankhula Chichewa chifukwa ndinayesa kuifotokoza nkhaniyi m'Chingerezi pakhomo paja, ndipo ine ndemwe ndinaimva ikumveka ngati ya wakuba. Akulembawa ndi Mayi Mwamba a ku Lusaka, amene timapemphera nawo mpingo umodzi. Ndawapempha kuti alembe monga ndikulankhulira, pamene ndati "ndikufuna" asaikepo "nifuna" wawo uja.

Munthu amene mwamugwira lero masana ali ndi chikwama chobiriwira m'chipinda chapansi cha nyumba ya nsanjika yomwe timakhalamo ndikumudziwa. Ndi alamu anga, a Goodwell Matewere, mng'ono wawo wa amuna anga, malemu Stafford Matewere. Ndi mzime m'banjamo. Amakhala ku Columbia Heights, akuphunzira za mankhwala pa yunivesite, ndipo chatsala chaka chimodzi kuti amalize. A Sajeni andiuza kuti ndikadandaula, alamu angawo aimbidwa mlandu wothyola ndi kuba, ndipo chilolezo chawo chophunzirira m'dziko muno chitha kuthera pomwepo. Andiuzanso kuti chikwamacho achipereka kwa mwini wake, ine ndinene kuti mwini wakeyo ndi ndani. Funso limeneli siliyankhika ndi mawu amodzi, ndiye mundilole ndiyambire kumbuyo.

Tinabwera ku America mu 1976. Amuna anga analembedwa ntchito ku banki yaikulu ya ku Foggy Bottom ngati katswiri wa ulimi wothirira. Madzi ankawadziwa a m'mapaipi ndi a papepala. Kusambira sankadziwa. Kwathu ndi kumapiri, mtsinje womwe anakulira nawo umalekeza m'mawondo, ndipo nyanja yamchere ankangoionera pawindo la ndege.

Mu Seputembala 1981 tinatenga alendo awiri ochokera kumudzi kukawaonetsa nyumba yatsopano yoonetsera nsomba ku Baltimore. M'kati mwake muli njira yotsetsereka yozungulira, ndipo kumunsi kwenikweni, kuseri kwa galasi, kumayenda mashaki. Amuna anga atafika pamenepo anaima. Ine ndi alendo tinazungulira nyumba yonse, tinagula zakumwa, tinabwerera, tinawapeza ali pomwepo, chipewa chili m'manja ngati ali m'tchalitchi. Anachoka mlonda atabwera kudzanena kuti akutseka. M'galimoto, titadutsa Laurel, anati, "Vera, galasi lija likanangochokapo." Ndinawayankha kuti likanachokapo bwenzi tikubwerera atatu osati anayi. Alendo anaseka, iwo sanaseke.

Patapita masiku ndinawafunsa kuti anaonamo chiyani m'zinsomba zoipa kumaso zija. Anati sanaonepo chamoyo chosafulumira ngati chimenecho. Chimangodziyendera, sichipepesa munthu, palibe wochiimbira foni. Ndinawamvetsa. Anali munthu woti kuntchito akumufuna, kumpingo akumufuna, kumudzi akumufuna, ndipo mawu akuti ayi sankatuluka pakamwa pawo.

Nyengo yachisanu ya chaka chomwecho anayamba kuphunzira kusambira pa dziwe la m'nyumba ku Silver Spring, bambo wa zaka makumi anayi ndi zitatu, mimba ili kutsogolo, akumenya madzi pakati pa ana a pulayimale. Ine ndinkapita kukawagwirira thawulo ndi kukaseka. Atayamba kuyandama analembetsa maphunziro olowa pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya kumsana. Mphunzitsi anawauza kuti lamulo loyamba ndi lakuti munthu satsika yekha, apeze mnzake. Anafunsa anzawo onse a ku banki, Amalawi ndi a ku Zambia omwe. Aliyense anali ndi chifukwa. Wina anati ali ndi khutu, wina anati Mulungu akanafuna akanamupatsa zipsepse. A Goodwell anali atangofika kumene m'dziko muno, anawafunsanso, iwo anati anabwera kudzaphunzira. Ndinatsala ine. Ndinadandaula tsitsi langa, lomwe ndinali nditangolikonzetsa, koma ndinalowa. Ndinaphunzira msanga kuposa iwo, ndipo zimenezi ankazikana pamaso pa anthu.

Mu Meyi 1982 anatiyesa mayeso ku Virginia, m'chidzenje chodzaza madzi momwe kale ankaphwanyamo miyala. Madzi ake anali ozizira ndi obiriwira. Pansi tinaonako basi yakale yomira ndi kansomba kamodzi kosakwana chikhatho. Tinatsika titagwirana manja chifukwa mnzako sunkamuona akangotalikira pang'ono. Pansi pa madzi sikulankhulika, mumangofunsana ndi zala. Pa zaka zonse za ukwati wathu sindinafunsidwepo kawirikawiri chotero ngati ndili bwino. Tonse awiri tinakhoza.

Zida tinagula pang'onopang'ono: masilinda awiri, zopumira ziwiri, magalasi a kumaso, malamba a mtovu, ndi zovala kumapazi zomwe iwo ankazitcha mapazi a bakha. Chovala changa cha rabara ndinangochitola m'sitolo. Chawo chinakanika. Chokwana pamimba chinkatalika miyendo, chokwana miyendo sichinkatseka zipi. Ndiye anawayeza thupi lonse, khosi, chifuwa, mimba, ntchafu, mpaka mu akakolo, n'kuwasokera chawochawo. N'chakuda, chili ndi mzere wofiira m'mbali, chimayambira pakhosi n'kulekeza mu akakolo. Ukachipachika chimaima ngati munthu. Ndicho chili m'chikwama chobiriwiracho, mulibenso china. Tsiku lomwe chinafika anachivala pabalaza, ndinawajambula, chithunzicho anatumiza kwa amayi awo ku Ntcheu.

Ulendo womwe ankakonza unali wa ku Morehead City, m'mbali mwa nyanja ku North Carolina, mtunda woyenda tsiku lathunthu pagalimoto. Kumeneko boti limakutengani kulowa m'nyanja mpaka mtunda usaonekenso, kufika pomwe pali sitima zomwe zinamira nthawi ya nkhondo. Ankati mashaki amakonda kukhala mozungulira sitimazo, a mano otuluka kunja ngati chipeso chothyoka, koma ofatsa bola usawapute. Ankatinso kuli akamba aakulu oti munthu sangawanyamule, ndi nsomba zina zophwatalala zomwe zimakupiza mapiko m'madzi. Mapu anamata pakhoma la kukhitchini, pamwamba pa sinki, kotero kuti ine wotsuka mbale ndinaidziwa njirayo kuposa iwo: Richmond, Rocky Mount, New Bern, kenako nyanja. Nyengo yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala. Febuluwale aliyense ankaimbira foni mwini boti kusungitsa malo awiri.

Lamlungu tikachoka kutchalitchi ankayala zida zonse pakapeti, n'kumayang'ana mapaipi ngati ali ndi ming'alu, n'kumathira paudala m'chovala chawo kuti chisamatane. Akatero ankandibwerezetsa ndondomeko yonse. Usiku wake sitidya zamafuta, kuopa kusanza m'boti. Potsika tigwira chingwe cha nangula, ine patsogolo chifukwa sindichedwa kudekha, iwo pambuyo. Shaki ikayandikira, manja tipinde pachifuwa, tipume pang'onopang'ono, tisaithamangire, tisaithawe. Sitimazo zili pansi kuya kwake ngati nyumba ya nsanjika khumi, ndipo pakuya kotero munthu sakhalitsa, mphindi makumi awiri zikakwana ayenera kuyamba kukwera. Ndinawauza tsiku lina kuti anthu ena amakonzekera ukwati wa mwana kapena nyumba ya malata, ife tikukonzekera mphindi makumi awiri. Anati zikwana.

Anthu anatinena, ndipo sindikuwaimba mlandu. Mwana wathu Priscilla, amene nthawiyo anali ku sekondale, ankamva zonsezi m'Chichewa n'kumayankha m'Chingerezi kuti makolo a anzake amapita kokaona mapiri, ake okha ndi amene akufuna kukadyedwa. Amayi a kumpingo anandifunsa ngati moyo wanditopetsa. Mkulu wa mpingo wina anatipempherera mokweza kuti Mulungu atichotsere mtima woputa imfa dala. Amuna anga anavomera ameni pamodzi ndi onse, m'mawa mwake anakadzazitsa masilinda.

Mu Julayi 1982, katundu ali kale m'galimoto, foni inalira kuchokera ku bwalo la ndege la Dulles. Anali anthu atatu a kwathu obwera kumaphunziro. Malo ogona sanawakonzere bwino, wina anawapatsa nambala yathu. Anati sabata imodzi yokha. Amati mlendo ndi mame, koma mame amenewo anakamuka Ogasiti atatha. Mlendo sungamusiye m'nyumba n'kupita kokaona nsomba, zikanamveka mpaka ku Ntcheu. Amuna anga anatsitsa masilinda m'galimoto n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1983 tchuthi chonse chinathera kumudzi, komanga chiliza cha apongozi aamuna. Titabwerako banki inawatumiza ku Sudan mpaka chisanu chinayamba. Pofika pamenepo mwini boti anali atawazolowera mawu. Akangomva moni wawo ankati, eya, abwana a chaka chamawa aja. Kuchidzenje kuja tinkapitabe chaka chilichonse kuti manja asaiwale, ndipo basi yomira ija ndinafika poidziwa mpando uliwonse.

Mu Seputembala 1984 tinanyamukadi. Foni ndinaizula kukhoma tsiku la ulendo lisanafike, kuopa alendo. Titadutsa Richmond wailesi inayamba kunena za namondwe amene akubwera kuchokera kumwera. Ndinati tibwerere. Anati anthu a pawailesi amakokomeza. Tinafika dzuwa litapendeka. Maboti onse anali omangirira, anthu akukhomera matabwa m'mawindo. Mwini boti tinamuona maso ndi maso kwa nthawi yoyamba, mzungu wamfupi wopserera ndi dzuwa. Anawakumbatira amuna anga n'kunena kuti sabata imeneyo palibe wotuluka. Tinaoloka mlatho kupita kumchenga. Anavula nsapato, anapinda thalauzi, analowa mpaka m'mawondo. Anaviika chala n'kulawa, nati, "Ndi yamcheredi." Kenako analoza kutali, komwe mitambo inakhudzana ndi madzi, n'kunena kuti mashaki ali uko. Galimoto ya polisi inabwera kudzauza anthu onse kuti achoke. M'mawa mwake tinabwerera, zovala zathu zili zouma m'zikwama. Ndinalira kuyambira New Bern mpaka Rocky Mount, iwo ndi amene ankanditonthoza.

Mu Juni 1985 anapita kwa dokotala kukapimitsa thupi, monga ankachitira ulendowu ukayandikira. Ine zotsatira sindinazidikire. Ndinali nditaona kale maso awo atayamba chikasu, ndipo lamba anali atamuboola bowo lina. Inali khansa ya m'chiwindi. Ulendo wa chaka chimenecho sitinaufufute n'komwe pakalendala, unangodutsa.

Ali chigonere anapempha kuti chovala chawo chipachikidwe pachitseko cha wadiropu pomwe angachione. Thupi linkatha, chovalacho chili chomwecho ndi mimba yake. Ankachiseka, ankati munthu uyu ndi wonenepa bwanji, amadya kwa yani. Mu Okutobala ndinawamva ndili kukhitchini akuimbira foni mwini boti, mawu akutuluka movutikira. Anasungitsa malo awiri a sabata yachitatu ya Julayi chaka chino. Ine ndi namwino, ndinkadziwa kuti Khrisimasi saiona, koma sindinawatsutse. Nditalowa ndi phala anandigwira dzanja n'kunena mawu omwe ndikuwakumbukira bwino: "Ndikalephera, munditengere chovalachi mukachiviike kumene kuli mashaki. Chatopa ndi madzi a m'chidzenje." Ndinalonjeza. Anamwalira pa 9 Novembala 1985, m'mawa.

Anthu a kwathu ndi a ku Zambia anagona pamaliro m'nyumba mwathu monga timachitira, amayi pansi pabalaza ndi kuchipinda, abambo m'khonde mpaka aneba anadabwa. Thupi linapita kumudzi pandege, m'bokosi lachitsulo lowotcherera, monga anatiuzira kuti malamulo akufunira. Ndinaperekeza ndine ndi Priscilla. A Goodwell anatsala chifukwa cha mayeso, komanso ankaopa kuti akatuluka sadzaloledwa kubwerera. Kumudzi amalume awo anafuna kutsegula kuti anthu aone nkhope. Sizinatheke. Apongozi anga aakazi, Mayi Lenifa Matewere, amene ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, anayendetsa chikhatho pamwamba pa bokosilo kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, kenako anandifunsa ngati mwana wawo anaonda. Ndinati pang'ono.

Ndinabwerera kuno mu Januwale. Febuluwale atafika ndinaimbira foni mwini boti ndine, ndinamuuza za maliro. Anafunsa ngati afufute malo amodzi. Ndinati asiye onse awiri. Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse ndikaweruka ndimapita ku dziwe la ku Silver Spring kukasambira ndekha. Mapu aja adakali pamwamba pa sinki. Priscilla, amene pano ali ku koleji ku Pennsylvania, anafuna kuwachotsa, ndinamuletsa.

Apa Mayi Mwamba amasulire mosamala kuti a Sajeni amve. Kwathu munthu akamwalira, zovala zake si za mkazi wake. Zimapita kwa abale ake, amalume amazigawa pabwalo, aliyense amatengako kanthu kokumbukira. Chilichonse chomwe chinamwa thukuta la malemu chimayenera kuoneka pa tsikulo. Si kuba. Ine mwambowu sindinautsutsepo, malaya a bambo anga anagawidwa chimodzimodzi ndikuona. Poti zovala za amuna anga zinali kuno, amalume anaika tsiku logawa kumapeto kwa Juni, anthu atakolola, ndipo anatuma a Goodwell kuti asonkhanitse zonse.

Mu Malichi a Goodwell anabwera kunyumba. Tinadzaza masutikesi awiri: masuti, malaya, mataye, nsapato, wotchi, mpaka majombo oyendera pa sinowo amene sindikudziwa kuti adzawavala ndani ku Ntcheu. Jekete lotuwa ndinawapatsa kuti ayambiretu kuvala, poti mapewa awo ndi amodzi ndi a akulu awo. Titatseka masutikesi anafunsa za chakuda chija cha pachithunzi. Ndinali nditachitsitsira kuchipinda chapansi, m'kachipinda kathu ka waya momwe timasungira katundu, pamodzi ndi zida zina. Ndinawauza kuti chimenecho si chovala, ndi chida, monga khasu. Anati chomwe munthu amavala ndi chovala. Ndinawafotokozera za lonjezo langa, ndinati Julayi akatha adzachitenge. Anangoti amayi akuchifuna, n'kuwerama.

Mu Epulo anabweranso, ali ndi akuluakulu awiri a mpingo. Nkhani inali yomweyo, amayi akuchifuna, chifike Juni asanathe, ndipo pali mayi wina wa kwathu amene akukwera ndege Lolemba likubwerali, pa 19 Meyi, wavomera kunyamula katunduyo. Ndinawafunsa kuti nkhalamba ya kumapiri ichita nacho chiyani chovala cholowera m'nyanja, kodi ikavinira nacho ngoma? Ndinapsa mtima. Ndinawauza a Goodwell pamaso pa akuluakuluwo kuti masuti onse aja sanawakwanire, tsopano akufuna ndi khungu lomwe. Ndinawakumbutsanso kuti pamene akulu awo ankafuna munthu wotsika naye m'madzi, iwo anabisala kuseri kwa mabuku. Anatuluka osamwa tiyi. Kuyambira tsikulo sitinalankhulane mpaka lero.

Lero ndinali pantchito kuyambira m'mawa. Cha m'ma wani koloko masana woyang'anira nyumba yathu, amene wangoyamba ntchito mwezi watha ndipo a Goodwell sawadziwa, anandiimbira foni kuti waitana apolisi ndipo agwira wakuba pa kachipinda kathu. Zomwe zinachitika kumeneko ine sindinazione. Ndinadzera kunyumba kaye. Loko ndinamupeza pansi, atadulidwa. Masilinda, zopumira, chovala changa, wailesi yakale ya amuna anga ndi njinga ya Priscilla, zonse zinali m'malo mwake. Chinasowa ndi chikwama chobiriwira chokha. Nditafika pano a Sajeni anandionetsa zomwe anawapeza nazo: chikwamacho, chitsulo chodulira, ndi loko watsopano ali m'pepala lake, makiyi akulendewera. Ndakhala m'dziko muno zaka khumi, sindinamvepo za wakuba wobwera ndi loko womusiyira mwini katundu.

Anandipititsa kuchipinda china kuti ndikamuzindikire munthuyo. Ndinawapeza atakhala pabenchi, atavala jekete lotuwa lija, manja ali pakati pa mawondo, mutu utapendekera kumanzere monga ankakhalira akulu awo podikira dokotala. Ndinaima pachitseko. Atandiona anaimirira. A Sajeni anatilola kulankhula pang'ono. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, ena oti sangalembedwe papepala la boma, koma ndinangofunsa kuti, alamu, mwachitiranji zimenezi?

Anayankha chonchi, ndipo Mayi Mwamba alembe mawu awo onse: "Alamu, ndinkaopa kukuuzani, zikanamveka ngati tikunena inu. Amayi akuti munawabweretsera chitsulo, mwana wawo sanamuone. Sakudya. Kukacha amakhala pakhomo kuyang'ana kumsewu. Akuti masuti ndi a ku ofesi, aliyense angavale. Koma chakuda chija anachisokera pathupi pake, ndiye achigwire ndi manja, adziwe kuti wapitadi. Amalume akuti Julayi mwina sawapeza ali moyo."

Ndinawafunsa chifukwa chake sananene zimenezi mu Malichi. Anati, "Munthu amene wanyamula maliro kuoloka nawo nyanja, ungamuuze bwanji kuti bokosi lake sakulikhulupirira?" Kenako analira, ndipo a Sajeni ananditulutsa.

Ndakhala pabenchi lapanjapo nthawi yaitali ndisanayambe kulankhula izi. Apongozi anga sindinawakwiyire. Ine ndinawaona amuna anga akutha, ndinawasambitsa, ndinawatseka maso. Iwo anapatsidwa chitsulo chozizira ndi mawu a mpongozi. Ndikuwasowa amuna anga tsiku lililonse, m'mawa kukhitchini, madzulo pamene chikepe chaima pa nsanjika yathu n'kutulukamo munthu wina. Koma ine ndikudziwa kuti amene ndikumusowayo kulibe. Amayi aja akudikirabe.

Tsopano ndiyankhe mafunso anu. Kodi ndinawalola a Goodwell kudula loko? Ayi, sindinawalole, ndipo sindinama pamaso pa boma. Kodi ndikudandaula? Ayi. Anatumidwa ndi amayi awo, anapempha mwaulemu kawiri, ine ndinawatukwana. Loko ndi wanga, ndawakhululukira. Woyang'anira nyumba ndikalankhula naye ndekha, iye wagwira ntchito yake ndipo alibe chifukwa. Ndikupempha kuti muwatulutse lero lomwe, Lolemba ali ndi kalasi.

Za mwini chikwama, mulembe kuti ndi Mayi Lenifa Matewere a ku Ntcheu, amayi a malemu, ndipo wolandira m'malo mwawo ndi a Goodwell. Ndikudziwa chomwe ndikuchita. Chovalacho chikakwera ndege Lolemba sichidzabweranso, ndipo madzi amchere sichidzawakhudza. Lonjezo langa kwa amuna anga ndaliphwanya ndili maso, ndipo zikundipweteka kuposa momwe ndingauzire wapolisi. Ndikudziwanso kuti mwini wake akanakhalapo, munthu wosadziwa kukana uja, akanachipereka kalekale osadikira kuti mng'ono wake afike pabenchi la polisi. Julayi ndipitabe. Nditsika ndi munthu wachilendo, ndikawaone mashakiwo ngati alidi ofatsa monga ankanenera.

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo ndikupempha kuti chilembedwe muno, a Goodwell adziwerengere okha, poti pakamwa sindingathe kuwauza. Chovalacho sachipinda, rabara amathyoka m'mapindiro. Achikulunge kuyambira kumiyendo. Asachisiye padzuwa, ndipo asachichape ndi sopo, fungo lomwe lili m'khosimo ndi la akulu awo. Mayi akunyamulayo akafika nacho, akawauze amalume kuti asachiike pamulu umodzi ndi masuti, asachipachikenso pamsomali. Achiyale pamphasa m'nyumba, chagada, manja ali m'mbali, atseke zipi mpaka pakhosi. Akatero aitane amayi, n'kuwasiya okha.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi. Mayi Mwamba andiwerengera zonse ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Wosaina: Vera Matewere
Mboni: Lillian Mwamba